Ndakwecha theka la lipenga la galamafoni ya bambo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 46, ndimagulitsa nsalu pamsika wa pa Boma, ndipo pa nkhani ya ukhondo palibe angandiphunzitse. Koma ukhondo womwewo wandiyambanitsa ndi achimwene anga, a Faruku.

Malemu bambo athu anasiya galamafoni ija yopukusa ndi dzanja, ya lipenga lalikulu, ndi mbale zake za nyimbo. Anabwera nayo ndi agogo athu kuchokera ku Tanganyika kalekale. Bambowo ndinawadwazika ndine zaka zitatu, ndipo atatsala pang'ono kutisiya anandiuza kuti, "Mwana wanga, chinthu ichi chisachoke m'nyumba muno."

Sadaka ya masiku makumi anayi itayandikira, amayife tinatulutsa mapoto, mabeseni ndi maketulo kupita nazo kunyanja kukakwecha ndi mchenga monga timachitira. Lipenga lija linali bii, lamawanga obiriwira, timaluwa tojambula m'kati mwake titazilala. Ndinati alendo a ku Dwambazi adzaone zamanyazi zotere m'nyumba mwanga? Ndinalizula n'kulitengera kunyanja komweko. Mchenga, phulusa, ndimu, mbali imodzi inayamba kunyezimira kuti waliwali. Ndili pa theka, a Faruku anatulukira, kugwira m'mutu.

"Achemwali, mwatani? Timaluwa tija tili kuti? Mwawafufuta bambo!"

Chiyambire tsikulo moni wanga amayankha ndi mphuno. Aitana a Ramsey, bambo wina wa ku Ngala amene amasonkhanitsa zinthu zamakedzana, kuti Loweruka adzaione galamafoniyo n'kutiuza mtengo wake. Akuti zikatero aitengera kwawo ku Dwangwa chifukwa ine sindidziwa kusunga chinthu. Mawu amenewa akundiwawa kwambiri. Pamene ndinkachapa zofunda za bambo iwo anali kuti?

Maganizo anga ndi akuti Loweruka lisanafike ndimalize mbali yotsalayo, mbale za nyimbo zija ndizipukute ndi sipiriti n'kuziyanika padzuwa, ndipo poti singano yake inabuntha, ndiikepo ya makina osokera. Akadzaiona ikuwala adzachita okha manyazi. Chonde alangizeni achimwene angawa, poti nyuzi yanu amawerenga.

S.J., Nkhotakota

*

Mayi S.J.,

Pepani ndi maliro, ndipo Mulungu akudalitseni podwazika bambo anu. Tsono sambani m'manja, mchengawo muusiye kunyanja. Mwandipempha kuti ndilangize achimwene anu, koma lero ndiyamba ndi inuyo.

Galamafoni si poto, mayi. Amene amadziwa zinthu zamakedzana amafuna kuona ukalamba wake: utoto woyambirira ngakhale utazilala, kuda kwa mkuwa, ndi mawanga omwe munachita nawo manyaziwo. Masiku ano kuli magalamafoni ambiri achinyengo, opangidwa dzulodzuloli, malipenga ake onyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo wanuyo akapeza lipenga lonse likuwala adzayamba kukayika, ndipo mbali yomwe mukuti ndi yauveyo ndiyo mboni yokha yotsala kuti lipengalo ndi la agogo anudi. Timaluwa munafufutato tinapita, madzi akatayika saoleka. Koma theka lilipo, ndipo theka si chinthu chochepa.

Za sipiriti muiwale. Mbale zakalezo zimasungunuka nayo, padzuwa zimapindika, zikagwa zimasweka ngati mbale yadothi. Zipukuteni fumbi ndi kansalu kofewa kouma, iliyonse muiike m'pepala lake, muziimike chilili pamthunzi, osazisanjikiza. Singano ya makina osokera ingalime nyimbo zonse tsiku limodzi. Galamafoni ili ndi tisingano take take, ndipo kamodzi kamaimba mbale imodzi n'kutayidwa. A Ramseywo muwafunse komwe amatipeza. Tisanapezeke, isaimbidwe.

Ndipo asapezeke wokonza njinga wokuuzani kuti aitsegula m'kati. Muli sipuling'i yamphamvu moti ikafwamphuka imadula zala. Mbali munakwechayo ingoipukutani ndi nsalu youma, poti mkuwa wosendedwa suchedwa kuchita mawanga ndi chinyezi cha kunyanja. Bokosi lake likhale pamwamba, kutali ndi chiswe.

Tsopano za a Faruku. Mawu a bambo anu ndi omveka, ndipo ine ndikuti galamafoniyo ikhale m'nyumba mwanu. Koma kudwazika sikukupatsani chilolezo chowononga chinthu cha banja lonse. Munthu wamkulu akafuula kuti mwafufuta bambo, si mkuwa akulira. Nayenso waferedwa, ndipo mwina akudziimba mlandu kuti pa matenda sanaoneke mokwanira. Musadikire Loweruka. Kwerani minibasi, mukawapeze ku Dwangwa, mukanene mosazungulira kuti, "Achimwene, ndinalakwa, sindinadziwe." Za zofunda munkachapa zija mukazisiye pakhomo. Kenako muwauze zomwe mwaphunzira pa kasungidwe kake, ndipo muwapemphe kuti pobwera mlendoyo mukhalepo nonse awiri. Munthu wopepesa n'kuonetsa kuti tsopano akudziwa chochita, kumulanda chinthu n'kovuta.

Mlendoyo mumulandire, mumufunse zaka zake za galamafoniyo ndi komwe inapangidwa, muzilembe. Koma kudziwa mtengo si kugulitsa. Asachoke ndi kanthu, ngakhale kachitsulo kogwira singano kaja, ati akakonzere kwawo. Amene akufuna kukonza akonzere pamaso panu.

Inu a Faruku, poti ndamva kuti mumawerenga: mlongo wanu analakwa pofuna kulemekeza alendo a bambo anu. Akabwera mumuyankhe moni bwinobwino.

Pomaliza ndikuchenjezeni, mayi, chifukwa ndakuonani kuti manja anu sakhala phee. Mukapitiriza maganizo anu aja, mkangano udzathadi Loweruka lomwelo. A Ramsey adzatsanzika msanga, a Faruku adzabwerera ku Dwangwa chimanjamanja, ndipo galamafoniyo adzakusiyirani, poti sipadzakhalanso woifuna.

Aphungu