Dzina la a Tuan m'zilembo zofiira

Agogo,

Tilipo asanu ndi awiri amene timasamalira mongodzipereka pulogalamu yolembera chiyankhulo cha Chihakka pa kompyuta. Anaiyambitsa ndi aphunzitsi athu a Tuan, ndipo masamba a malangizo a pa wiki yathu, malo athu a pa intaneti, analemba okha zaka khumi zapitazo. Ambiri anatha ntchito, koma palibe ankayerekeza kuwakhudza. Mayi wina atatsatira tsamba limodzi n'kutaya nthano zonse zimene ankalemba, ndinati basi. Pa masamba makumi anayi ndinaikapo chenjezo: "Zachikale. Wolemba: Tuan." Kuti lioneke msanga ndinalilemba mofiira.

A Tuan angotuluka kumene m'chipatala. Akazi awo anandiimbira: "Maliro wakonza liti, tidziwiretu? Munthu akupuma, iwe wamulemba kale mofiira!" Tsopano aphunzitsi sakundiyankha, anzanga akuti ndibwezere zonse mmene zinalili. Koma masambawo akusocheretsa anthu. Nditani?

H.M., Miaoli

Lachitatu, sikisi koloko m'mawa.

Iwe H.M., masukulu onsewo, amako sanakuuze kuti dzina la wamoyo sililembedwa mofiira? Zofiirazo zichoke lero, dzinalonso lichoke pa chenjezopo. Chakalamba ndi malangizo, wolembayo akukhudzidwa bwanji?

Koma kubwezera zonse, ayi. Anzakowo ndi amantha, zaka khumi akuzemba ntchito n'kumati ndi ulemu.

Kompyuta sindiidziwa, koma amuna okalamba ndimawadziwa. Malemu amuna anga ankakana kufafaniza pakhoma la kantini yathu mayina a zakudya zimene tinasiya kalekale kuphika. Tinakangana miyezi. Tsiku lina ndinangowapatsa burashi: "Bambo, ine maso, tandionetsani zimene tikuphikabe." Anafafaniza zambiri kuposa zimene ndinkafuna, uku akundinena kuti ndine waulesi.

Gula tiyi wabwino, upite naye kwa a Tuan, upereke ndi manja awiri, uyambe kupepesa kwa akazi awo. Usafotokoze za mitundu ya zilembo, ungoti ndinalakwa. Masamba onsewo uwasindikize pa pepala, upereke cholembera chakuda: "Aphunzitsi, ndi ati amene akugwirabe ntchito?" Amene awadule mzere usawataye. Uwasunge pamalo pawokha, dzina lawo lili pomwepo, ndi deti, ndi kankhani kolozera ku tsamba latsopano, kuti wobwera ndi adiresi yakale asagunde khoma. Otsalawo mugawane ndi anzakowo, aliyense ake, muziwayendera mukamasesa nyumba Chaka Chatsopano chisanafike.

Chenjera chimodzi. Akhoza kunena kuti onse ali bwino. Usatsutsane nawo pamaso pa akazi awo. Koma tsamba limene linataitsa nthano za mayi uja lichoke ndithu, ndipo uwauze wekha, pakamwa, usanatuluke pakhomo. Akakwiya akwiye, uzipitabe kukawaona.

Ukawerenga upatsire amantha asanu ndi mmodzi aja, paulendowo akakuperekeze.

Agogo