Juzi Yopanda Baji

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, ngakhale nyumba yatikulira chimwalirireni achimwene anu.

Mwana wanu salinso kusukulu yapulayiveti ija. Pamaliro akusukuluko anatumiza maluwa okongola, koma patangotha milungu iwiri anamubweza pageti chifukwa cha fizi. Ahedi anangoti, "Pepani mayi, ndi lamulo."

Tsopano ali kusukulu yaboma. Aphunzitsi ake ngabwino mtima, koma ana oposa zana angawadziwe bwanji? Buku limodzi amaliunjirira asanu, iye n'kumaliwerenga chozondoka. Juzi akuvala yomwe ija poti mtundu ngofanana. Ndinachotsa baji ndi lezala, koma patsala chipsera, ndiye anzake akumamuseka kuti, "Abwana, mwagwa liti?" Mwana uja ankatha mabuku a bambo ake pashelefu, lero satsegula ngakhale limodzi.

Paja munanena kuti kusukulu yomwe mumaphunzitsa ana a aphunzitsi salipira, ndiponso kuti kwanuko kuli bedi longokhala. Sindikupempha ayi, alamu, pakuti ndi yekhayu amene ndatsala naye. Iye sindinamuuze kalikonse. Koma zipi ya sutikesi yake ndakonzetsa kale.

Ndine mlamu wanu.