Khadi Lanu Ndikulibweza Lolemba

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine mwana wanu Yosamu, ndipo ndiyamba ndi cholinga cha kalatayi monga mwa chizolowezi changa. Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Tamala, amene wagonekedwa m'chipatala kuyambira Lachitatu, ndiponso ya lumbiro limene munandichititsa chaka chimodzi musanatisiye. Ndikupempha kuti mundimasule ku lumbiro limenelo. Ndikudziwa kuti yankho silibwera, koma sindinachitepo chinthu chachikulu osakudziwitsani, ndipo sindiyamba lero.

Za pakhomo ndi izi. Mpongozi wanu NyaMhango anatipatsa mwana wamkazi chaka chatha nthawi yokolola, ndipo tinamutcha Esitere, dzina lanu. Wayamba kuimirira akagwira mpando. Akakwiya amatukula mlomo wam'munsi ndendende mmene munkachitira inu wina akalowa m'nyumba ndi matope. Mpunga wa apongozi ku Hara unachita bwino, ngakhale mbalame zinatilanda mzere wonse wa m'mbali mwa ngalande. Mtengo wa papaya umene munadzala kuseri kwa bafa unagwa ndi mwera. Manda anu ku Uliwa ndimalambula ndekha mvula ikatha. Mwagona pakati pa anthu, monga munkafunira: kumanja kwanu kunabwera mphunzitsi wina wopuma ntchito, kumanzere mayi wina wogulitsa nsomba.

Ntchito ndikugwirabe yomwe ija, yosunga makhadi a kafukufuku wa khate. Ndikukumbutseni mmene imayendera, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Anzanga oyendera m'midzi amalowa khomo ndi khomo, nayang'ana khungu la munthu aliyense. Amene amukayikira amamutema pang'ono pansonga ya khutu n'kupaka pakagalasi. Kagalasiko kamapita kulabu, kumene amakayeza, ndi nambala yokha. A kulabu sadziwa dzina la mwini wake, ndipo oyendera aja sadziwa zimene zaoneka pakagalasi. Dzina ndi nambala zimakumana patebulo langa. Zikakumana n'kupezeka kuti munthuyo ali ndi tizilombo, ndimamata kapepala kofiira pakhadi lake, ndipo aliyense amene wagonapo m'nyumba imeneyo amayenderedwa chaka ndi chaka. Madokotala akufuna kudziwa amene nthendayi imawagwira ndi amene imawadumpha, kuti tsiku lina idzathe m'dziko. Pantchito imeneyi ndakhala munthu wouma. Ndabweza makhadi a anzanga chifukwa cha dontho limodzi la inki. Kumbali amanditcha Bambo Lula, poti sindidula mzere ndi dzanja lokha.

Mukukumbukira tsiku limene nambala yanu inafika patebulo limenelo. Ndinaiwerenga kawiri. Nditaweruka ndinakupezani pakhonde mukusenda chinangwa, ndipo ndinakuuzani. Simunalire. Munandifotokozera za amalume anu kwathu ku Ntchisi, amene anawamangira kanyumba kunja kwa mudzi, chakudya akuwakankhira ndi ndodo, ndipo atamwalira anawakaniza kumanda a anthu. Ndinati zimenezo n'zakale. Ndinati kwabwera mankhwala atsopano ochiza ndithu, munthu amangoima pamzere pansi pa mtengo kamodzi pamwezi njinga yamoto ya chipatala ikabwera. Munaika mpeni pansi n'kunena kuti, "Pamzere umenewo, Yosamu, sindikaimapo ndili ndi mpweya. Ine ndinabwera kudzalera adzukulu, sindinabwere kudzakuvula ulemu pakati pa eni dziko. Ndikafa undiike ngati munthu. Lumbira." Ndinalumbira.

Khadi lanu ndinalichotsa m'kabati. Kuliwotcha ndinalephera, manja anga sadziwa kuwononga pepala. Lili m'sutikesi, pansi pa satifiketi yanga ya sukulu. M'kaundula, pamzere wa dzina lanu, ndinalemba ndi dzanja langa kuti: anabwerera kwawo. Oyendera aja anali atasamukira kale kumidzi ya kumpoto, ndipo panalibe wofunsa, chifukwa zolemba za Yosamu sizifunsidwa. Chibayo chinakutengani dzinja lotsatira. Ndiulule lero kuti mkati mwa chisoni changa munabisala kachimwemwe konyansa, koti nkhani yapita nanu.

Sinapite nanu, Amayi.

Tamala anagona nanu mphasa imodzi zaka ziwiri, akufunda nanu bulangeti limodzi. Tsopano ali Sitandade 5. Milungu isanu yapitayo, Loweruka m'mawa, ndinamuuza kuti asite yunifomu yake, poti mukudziwa kuti mwana wanga sapita kusukulu ndi makwinya. Ndinali pampando ndikupukuta nsapato pamene ndinamva fungo la chinthu chikupsa. Nditacheuka ndinaona kachala kake kakumapeto katatsamira pachitsulo cha simbi, makala ali psu, iye akuimba nyimbo ya kukwaya. Thuza linatuluka lalikulu ngati nzama. Ndinamukalipira kuti ndi wosasamala. Anangondiyang'ana modabwa, chifukwa sanamve kupweteka kulikonse.

Kuseri kwa mkono womwewo kunali banga loyererako, limene mayi ake ankaliyesa chikanga namalipaka mafuta. Ndinatenga kathonje, monga amachitira oyendera, ndipo ndinamuuza kuti tisewere: atsinzine, aziloza pamene ndamukhudza. Pachipumi analoza. Pakhosi analoza akuseka kuti ndikumugirigisha. Pabanga paja ndinamukhudza katatu. Anati, "Adada, yambanipo, maso atopa kutsinzina."

Apa ndinachita cholakwa chachiwiri, ndipo chimenechi ndi changa ndekha. Ndinakhala chete milungu inayi yathunthu. Ndinkaganiza zopita naye ku Rumphi, kukamulembetsa dzina lina, kuti anthu ondidziwa asamve. Inu munkati nsalu ikang'ambika isoke lero, mawa idzafuna chigamba. Mawu amenewo ndinkawamva m'mawa uliwonse ndikumanga tayi, koma ndinkapitabe kuntchito kukamata timapepala tofiira pamakhadi a ana a eni ake. Lachiwiri lapitali Tamala analephera kumanga batani la bulauzi, nayamba kulira kuti chigongono chikubaya ngati singano. Lachitatu ndinamunyamula panjinga.

Dokotala wamkulu wa kafukufuku ndi mzungu wolankhula Chitumbuka chopindika chimene chimaseketsa odwala. Tsiku limenelo sanaseketse munthu. Anadina kuseri kwa chigongono, Tamala anakuwa. Anati mtsempha wopita kuchala watupa, wagwirika ngati chingwe. Anamupatsa mankhwala a khate ndi ena ophwetsa kutupako, namangirira mkono m'nsalu yokoleka m'khosi. Ndinamufunsa ngati chala chidzamvanso. Anati ena amachira, ena ayi, zimatengera nthawi imene yatayika. Kenaka anafunsa kuti ndinaona liti. Nditati pafupifupi milungu isanu, anangondiyang'ana. Kundikalipira kukanandipepukira.

Ndiye anapempha khadi la nyumba yathu, ndipo ndinakatenga ndine. Analiwerenga n'kupukusa mutu. Anati, "Zodabwitsa. M'nyumba muno simunadwalepo munthu. Koma makhadi anu sanama, Bambo Yosamu." Anatulutsa kope lake, nalemba Tamala m'gulu la ana amene atenga nthendayi popanda wodwala pakhomo. Ndinaima pamenepo ndikuonerera bodza langa likulowa m'kope la munthu wina, paulendo wake wa kutsidya kwa nyanja, kumene likaphunzitsidwe ngati choonadi.

Mukanakhala ndi moyo ndikanakutengani mukaone malo amene munkawaopa aja. M'mawa uliwonse odwala amakhala pakhonde la wodi, mapazi ndi manja ali m'mabeseni a madzi. A Sisitala oyang'anira wodiyo, mayi wa ku Mulanje, amagwada pansi n'kumapala zikhakha ndi kupaka mafuta, phazi ndi phazi, ndi manja awo enieni. Palibe ndodo yokankhira mbale. Pali mkulu wina, a Mwalwanda, amene anali msodzi ku Sangilo. Zala zawo zinapindika zonse, ndipo supuni amawamangirira kudzanja ndi mphira. Iwo amamutcha Tamala mkazi wawo. Dzulo anati, "Mkazi wanga, uchire msanga ukandisokere ukonde." Tamala, amene amawatcha agogo m'Chitumbuka, anati, "Asekulu, mundipatse kaye usipa wodzaza beseni ili." A Sisitala analowerera: "Inu akuluakulu, mwana wa eni mukumufunsira ndi chiyani?" Iwo anati, "Ndi pakamwa, a Sisitala, pakamwa sipanapindike." Khonde lonse linaseka. Atandiona ine ndaima ngati mtengo, anakweza manja awo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana kalaliki, ine ndinabisa zaka zisanu. Malipiro ake ndi awa." Ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo kumeneko ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro anu.

Lachinayi ndinamuuza zonse NyaMhango, tili m'kakhitchini ka odikirira odwala, Esitere ali kumbuyo. Sanadziwe kanthu zaka zonsezi. Nditamaliza analankhula, osati m'Chitumbuka chake koma m'Chichewa, chimene amachigwiritsa ntchito pokhapokha akafuna kuti ndisaphonye liwu. Anati, "Awiske Tamala, inu bambo wa mwanayu, ine ndinkayala mphasa, ndikugoneka mwana pambali pa agogo ake, inu mukuona. Chakudya chinkatsika bwanji?" Anapitiriza: "Nanga Lusayo ndi Wezi, ana a mng'ono wanga, amene anakhala nafe nthawi yonse ija asanabwerere ku Hara? Adzawayang'ana msana ndani, poti buku lanu likuti m'nyumba mwathu munalibe kanthu?" Ndinati tingowabweretsa mwakachetechete awayeze. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Kamodzi? Nthenda imene yabisala zaka zitatu mwa Tamala, inu mukuti kamodzi?"

Akunena zoona, Amayi. Ife a m'nyumba muno atiyeza chifukwa cha Tamala. Koma ana awiri aja, pamakhadi awo palibe chosonyeza kuti anakhala ndi wodwala, ndipo palibe njinga imene idzaime pakhomo pawo chaka ndi chaka, pokhapokha khadi lanu litabwerera m'kabati lili ndi kapepala kake kofiira. Ndinu nomwe munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Munkawasambitsa ana amenewo, munkawatafunira mtedza. Sindikhulupirira kuti pamene munkandilumbiritsa munkaganiza za iwo. Munkaganiza za ndodo ija ndi kanyumba kaja. Ine ndiye ndinali wophunzira, ndinkadziwa njira imene nthendayi imayendera, ndipo ndinasankha kukhala mwana womvera m'malo mokhala bambo.

Chimene chingandigwere ndikuchidziwa. Ntchito ikhoza kutha, ndipo nyumba imene tikukhalamo ndi ya pantchito. Masiku ano munthu akachotsedwa pa nkhani ya mapepala, nkhani yake siithera muofesi. Wina akhoza kuinyamula kupita nayo kuboma n'kuiveka dzina lina. Ndikuopa, sindibisa. Koma mantha amenewo ndi aang'ono. Aakulu ndi awa: m'mawa uliwonse a Sisitala amakhudza kachala kaja ndi thonje, Tamala atatsinzina, ndipo mpaka lero sanaloze. Ndi dzanja lolembera, Amayi. Mwanayu ali ndi zilembo zokongola kuposa zanga. Ngati kumeneko kuli khomo logogodapo, gogodani. Musandipempherere ine. Pemphani kachala kamodzi kokha. Kaya mwandikwiyira, kaya mwandikana, gogodanibe.

Tsopano chigamulo. Dzulo masana ndinapalasa njinga mpaka ku Hara. Apongozi aamuna ndinawapeza akukonza mzere wa munda, ndipo ndinawauza zonse nditaima m'matope ndi nsapato za kuofesi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati abwera nawo okha Lusayo ndi Wezi Lolemba m'mawa. Anawonjezera kuti, "Ntchito ikatha, khasu lilipo. Ngalande sifunsa satifiketi." NyaMhango wavomereza, ngakhale kuyambira Lachinayi amangondiyankha ndi mutu. A Sisitala, amene ndawauza lero, avomera kulowa nane kwa dokotala kuti mawu anga akhale ndi mboni. Tagwirizana kuti Lolemba, nthawi yotsegula ofesi, ndikapereka khadi lanu m'manja mwa dokotala ndi kufotokoza zonse. Mawu aja m'kaundula sindiwafufuta, pakuti wosunga mabuku safufuta. Ndidula mzere umodzi pamwamba pake ndi lula, kuti bodza lizionekabe, ndilemba choona pambali, ndipo ndisayina dzina langa lonse. Onse oyenera kufunsidwa avomereza. Munatsala ndinu, ndipo ndakudziwitsani.

Lumbiro lija ndikulithyola, koma ndikupatsani lina m'malo mwake. Manda anu palibe adzawasunthe. Mudzagonabe pakati pa mphunzitsi ndi mayi wa nsomba, ndipo ndidzalambula monga kale. Tamala akatuluka m'chipatala adzayenera kulandira mankhwala mwezi ndi mwezi pansi pa mtengo uja. Pamzere umene munaukana, ndidzaimapo ine, nditamanga tayi, nditagwira dzanja lake, a ku Uliwa onse akuona, kufikira tsiku limene adzamuuze kuti wachira.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anakumverani kamodzi mopitirira muyeso,

Yosamu