Foni ya Lachiwiri ndi Swaumu ya Amayi

Ntaja, Machinga
12 Malichi 2022

Okondedwa achimwene a Sufiyani,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, inu, alamu anga a Habiba ndi ana. Kuno tadzuka, Alhamdulillah. Mvula yatizunza chaka chino, koma nyumba ili chiimire. Amayi akudya, akulongolola ngati kale.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pa foni. Mukaimba amayi amakhala pambali panga makutu ali tcheru, ndiye nkhani iyi sindingainene. Ndapatsira a Latifu amene akubwerera kumeneko.

Mukukumbukira kuti korona itavuta chaka chatha, a chipatala cha ku Balaka kumene amayi amalandira mankhwala a shuga anati okalamba asamabwerebwere. Anatipatsa mankhwala a miyezi itatu, nati azitiimbira. Ine ndinanyoza, osabisa. Ndinati chipatala chanji chosamugwira munthu ngakhale mkono?

Koma Lachiwiri lililonse m'mawa foni inkalira. Anali anesi a Bernadetta, Mkatolika, kwawo ku Rivirivi. Ine ndinkawabaya amayi chala ndi kamakina munatumiza kaja, n'kuwerenga manambala. Anesiwo ankafunsa zonse: adya chiyani, mapazi alibe chilonda, akukodza kangati. Amayi ankayankha atakhala pamkeka pawo, osakwera minibasi, osapanikizana ndi anthu otsokomola.

Ramadani itayandikira, a Bernadetta anachenjeza kuti ndi mapiritsi amenewa amayi asasale, shuga atha kutsika mpaka kukomoka. Amayi anavomera bwinobwino. Foni itangodulidwa, anandiuza kuti Mkatolika sangawaphunzitse za swaumu, ndiponso mwana wawo wa ku Joni amauza anzake kuti mayi ake sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Ankamwa mapiritsi pa daku, chakudya cha m'bandakucha chija, n'kumanga swaumu tsiku lonse. Kubayidwa chala masana anakana, ati magazi akatuluka swaumu yawonongeka.

Apa ndi pamene ndinalakwa, achimwene. A Bernadetta atafunsa ngati amayi akusala, ndinati iyayi. Manambala ndinapeka m'mutu. Sabata yachiwiri ndinapekanso. Iwo anaseka, nati shuga wa amayi akukhala bwino kuposa wawo womwe. Kenako anabwereza kawiri kuti ndikaona chachilendo ndingoflasha, mayunitsi ndi awo. Ndikuona ngati ankadziwa.

Patangopita masiku awiri, swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, itatha, amayi ankathothola mtedza pakhonde. Ndinangowaona thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akundiitana dzina la malemu achemwali awo. Kuwakweza pa kabaza sikukanatheka, thupi lonse linali lendelende. Ndinaflasha. Mphindi sinathe, foni inalira.

Ndinaulula zonse uku ndikulira. Sanandikalipire. Anati ndisungunule masupuni atatu a shuga m'kapu ya madzi, ndiwamwetse pomwepo akadatha kumeza. Amayi analuma mano. Analoza dzuwa, nati latsala pang'ono kulowa. Koma kunali kutatsala maola awiri athunthu.

A Bernadetta sanatsutsane nawo. Anati ndiike foni pakhutu la amayi, n'kuitana mnzawo wa ntchito, a Yasmin, Msilamu amenenso anali atasala. A Yasmin anawalankhula m'Chiyao, mofatsa ngati mwana wawo. Ndinamva akuti:

"Amama, inenso ndamanga. Koma wodwala, Mulungu anamupeputsira. Imwani, m'malo mwa tsikuli mudyetsa wosauka. Ngati pali tchimo, likhale langa."

Amayi anamwa.

A Bernadetta sanadule foni mpaka titayezanso, amayi atadya phala ndiponso atandiitana dzina langa lenileni. Mawa lake anaimba, mkuja anaimbanso. A Shehe Mahmudu titawafunsa ananena zomwezo, ndipo masiku otsalawo tinkapereka mpunga kwa mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti uja.

Mpaka lero nkhope ya a Bernadetta sitinaione. Titakumana mumsika ndikhoza kuwapondanso chala osadziwa kuti ndi amene ananditsalitsira mayi. Komatu Lachiwiri amayi amasamba m'mamawa, kumanga mpango watsopano, n'kukhala pamkeka kudikira. Ndikawaseka kuti kafoni kathu kalibe maso, amati sangalankhule ndi adokotala awo atavala za kumunda. Mkatolika yemwe uja masiku ano amamutchula m'mapemphero awo asanatchule ine. Sindidandaula. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha azimayi awiriwa, ndipo mawu oti ndiwathokozere mokwanira ndilibe.

Tsono nachi chandilembetsa kalatayi. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Pa Idi munaimba n'kuwayamika kuti amalizanso masiku onse ngati chaka chilichonse. Iwo anangoti Alhamdulillah. Mutadula analowa m'nyumba, ndipo mpunga wa Idi sanaukhudze.

Ndaswa lumbiro langa chifukwa kwatsala masabata atatu kuti mwezi wa Ramadani uoneke, ndipo dzulo ndawapeza akubisa paketi ya tende, zipatso zomasulira swaumu zija, m'sutikesi. Ati chaka chino asala, poti Sufiyani amadziwa kuti iwo amamaliza. Ine mantha andigwira, achimwene. Sindidzapekanso manambala, koma sindingathenso kuwatsegula mano ndekha.

Anesi achita mbali yawo, a shehe ananena. Mwatsala ndi inu. Chonde imbani, ndipo musati foni ndilandire ine, lankhulani ndi eni ake. Muwauze kuti zonse mwamva ndipo simukuchita nawo manyazi. Muwauze kuti chimene mukufuna n'kudzawapeza pakhondepa akuthothola mtedza. Akandikwiyira ndipirira. Anthu amene sanawaonepo n'kamodzi komwe anawamwetsa kapu ija pa foni. Inu mwana wawo simungalephere.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni kumeneko, akutalikitsireni matenda, ndipo atikumanitse tonse tili amoyo.

Ine mlongo wanu,
Salima