Amene Anakhutitsa Fosholo

Lolemba, 14 Ogasiti 1989, Chisenga

Galu wathu Fosholo wadwala. Kusanayere bwino ndinamumva akusanza kuseri kwa khitchini. Mimba ngati ng'oma, dovu chuchuchu, kulira ngati khanda. Amuna anga a Rodwell ndinawapeza ali panja kale, nsapato kuphazi. Ati anatuluka atamva galu. Ndinawagwiritsa mutu wake, ine n'kumuthira m'kamwa madzi a makala osinja. Kusukulu apita nkhope ili ndwii.

Masanziwo ndawafukula ndi kamtengo. Nkhumba. Yonona, yophika, yodulidwa bwino ndi mpeni. Si zakudzala izi. Ife nkhumba sitinailawe chifikire kuno. Nanga ndani pa Chisenga pano wolemera chonchi, wophikira galu wa eni?

Ndikuopa. Fosholo ndiye amauwa munthu akayandikira kuseri kwa nyumba, ndipo amuna angawa pakamwa alibe chitseko. Chiwachotsereni pasukulu ku Zomba, boma litati aphunzitsi a kumpoto aliyense abwerere kwawo, madzulo ndi kudandaula basi, mawu okweza, zenera lotsegula. Mwezi watha galimoto ya boma inadzatenga mphunzitsi mnzawo chifukwa cha mawu osafika apa. Mpaka lero zii.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Chakudya sindinamupatse tsiku lonse. Madzi okha, pang'onopang'ono, ndi supuni. Wayamba kutsegula m'mimba. Fungo lake, eee, ngakhale nkhuku zathawa.

Ndinakaitana a Yohane, amene amayang'anira ziweto ku dipi. Amupisa m'kamwa, amusinika mimba, n'kuseka. Ati si poizoni, ndi dyera chabe, wadya zoposa mimba. Ati mawa phala lopanda mchere, osati mafuta. Kenaka funso: kodi aphunzitsi amaweruka nthawi yanji masiku ano? Zikukhudzana bwanji ndi mimba ya galu? Ndinayankha kuti sindiyenda ndi wotchi.

Ngati si poizoni ndiye zaipiratu. Wofuna kupha galu ndi wakuba, amatenga nkhuku n'kupita. Wokhutitsa galu akufuna kuti galuyo amuzolowere. Akufuna kudzaima pazenera popanda wouwa.

Ndawauza a Rodwell zimenezi. Ndati chonde, pakamwa potseka, wakutsina khutu ndi mnansi. Ati, “Iwe Eleanor, umaona zambiri.” Kutamanda kapena kudzudzula, kaya.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Phala wanyambita theka. Watafuna udzu kuseri, wasanza pang'ono, wagona padzuwa. Nthiti zayamba kuoneka. Chisoni, galu amene anayenda nafe pa lole kuchokera ku Zomba, mutu uli pamwendo pa a Rodwell njira yonse. Akachira ayambanso kuwatsata kulikonse, kusukulu, kutchalitchi, mpaka pakhomo pa chimbudzi.

Kwabwera a Christina, oyandikana nafe, akazi a tcheyamani wa chipani. “Monire, monire,” kambale ka nyemba m'manja. Chifikire kuno sanapondepo pakhomo panga, lero chifundo chachokera kuti? Maso ali uku ndi uku, pazenera, pa wailesi. Fosholo anawagwedezera mchira. Ndinaona ndi maso angawa. Atachoka, nyemba zawo ndinakakwirira kudzala.

Apongozi nawonso anadutsa. Galu sanamufunse n'komwe. Funso lawo linali lakuti kodi mlongo wanga, wapolisi uja wa ku Zomba, amandilembera kawirikawiri? Anafunsa m'Chitumbuka, mofulumira, poyesa kuti sindigwira. Ndinagwira. Kwa iwo ndikadali mkazi wa kumwera amene mwana wawo anatola pa ntchito. Zinandiwawa, sindinama.

Loweruka, 19 Ogasiti

Fosholo wamaliza mpunga wowiritsa, chimbudzi chalimba. Wauwa mbuzi. Mtima pansi pang'ono.

Ndinapita kumsika kwa bambo wopha nkhumba. Ndinazungulira nkhani, mitengo yakwera, dzuwa laopsa, kenaka n'kufunsa amene anagula yonona sabata yatha. Ndinkadikira dzina la tcheyamani. Iye osadzutsa mutu pa mpeni: “Amama, si aphunzitsi ŵinu ŵa kunyumba?”

Ndafunsa a Rodwell. Ati inde anagula, anapatsa amayi awo. Bodza. Apongozi nkhumba sadya, imawatulutsa zidzolo, mudzi wonse ukudziwa.

Ndiye pali mkazi. Pali khomo lina kumene nkhumba imaphikidwa, ndipo Fosholo, poti sasiyana ndi mbuye wake, anakadyera komweko makombo. Ine ndikusowa tulo kuopa galimoto ya boma, iwo ali pa chibwenzi! Ine kupukuta masanzi a nyama yophika mkazi mnzanga. Mapanga awiri avumbwitsa, adzaona. Ndangowauza kuti madzi osamba adzitengere okha.

Koma ndi ndani? Namwino watsopano uja? Amaseka kwambiri akawapatsa moni.

Lolemba, 21 Ogasiti

Sitikulankhulana. Madzulo anandikonzera chitseko cha khola la nkhuku chimene ndakhala ndikuchinena chaka chonse, anawaza nkhuni mulu. Kupepesa kwa amuna. Sindinathokoze.

Ahedi awaitana mawa ku ofesi, ati kukubwera alendo ochokera ku boma. A Rodwell anangonena ali chiimire, kuyang'ana khoma. Ndinafuna kufunsa kuti alendo anji. Mkwiyo unanditseka pakamwa.

Fosholo wachira. Watha mbale yonse.

Lachitatu, 23 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Sindikanatha.

Ndinadzuka, mbali yawo ya bedi yozizira. Jekete palibe, bulangete limodzi palibe. Kuseri kwa khitchini Fosholo ali thasa, mimba yatupanso, pambali pake mphika wa nkhumba wonyambitidwa mbee. Panalibe mkazi. Panalibe woima pazenera. Anali a Rodwell, kukhutitsa galu wawo kuti agone, asawatsate, asalire pamene akukwera mapiri a Mafinga kulowera ku Zambia. Sabata yatha analephera chifukwa galu anasanza, ine n'kudzuka n'kuwagwiritsa mutu wake. Sabata yonse ine kumuchiritsa, iwo kudikira kuti achire adyenso.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Amuna awiri, Chichewa cha kwathu. Anatembenuza matiresi, anatenga wailesi. Aphunzitsi ali kuti? Ndinati sindikudziwa. Anafunsa mobwerezabwereza, ine yankho lomwelo, misozi ili mbwembwe. Anandikhulupirira, poti zinali zoona.

Apongozi abwera madzulo ano. Sanadabwe, sanalire. Iwo ankadziwa. A Christina anabwera kudzanditungira madzi.

Ndasinjanso makala. Fosholo wameza, wayesa kudzuka, wanunkhiza njira ya kumapiri, miyendo yamukanika. Ndamumanga chingwe, angakawalondolere anthu aja.

Akanandiuza ndikanawaphikira kamba wa pa ulendo. Mawu anga omaliza kwa iwo anali oti madzi adzitengere okha. Kodi anandibisira pofuna kunditeteza, kapena nawonso ankaona mlongo wa wapolisi? Wondiyankha palibe.