Mbaula Yabwereranso Kuchipinda

Alamu, amayi anu abwezanso mbaula kuchipinda, ndikuopa itiphera Amina.

Pepani, moni ndaika pambuyo. Kuno ku Liwaladzi tilipo, kaya inu ku Kasunguko?

Lachiwiri mwana wangayu, Amina, anatentha thupi. Amayi anatseka zenera ndi nsalu ya chipani ija, n'kukoleza makala kuti atuluke thukuta. Pofika masana anali atalefukiratu, inenso mutu ukugunda. Kuchipatala adokotala anati, "Malungo alipo, koma chamufoola ndi mpweya wa makala. Suoneka, sununkha. Tsegulani mazenera."

Alhamdulillah, pano akuyamwa, akusekanso. Koma amayi akuti, "Ana asanu ndalera ndi mbaula, iwe wayamba liti?" Ine mtengwa ndingawayankhe bwanji?

Inu amakumverani. Chonde kwerani matola mawa lomwe, Allah akuyendetseni bwino.

Ndine mlamu wanu,
Make Amina