Nambala Yodya Mayunitsi

Lolemba, 12 Febuluwale

Nambala yatsopano yayamba lero. Yakale aitseka.

Mlongo wanga Tibi walawira kukamata timapepala pasitolo ya a Saveta, pogulira mkaka, mpaka pampanda wa tchalitchi. Dokotala wa Ziweto, Otilia Bârsan, kenako nambala yaitali ngati sitima. Mtengo wa pa mphindi uli pansi penipeni, tizilembo ngati nyerere. Ine mwini wake ndachita kuvala magalasi.

Woimba aliyense azilipira pa mphindi, gawo lina kampani ya mafoni, lina ife. Sindinkafuna. Koma ndikanatsutsa ndi chiyani? Galimoto ndi yake, firiji ya mankhwala ndi yake. Zaka zonse zija mlongo wangayu wakhala akudula nyama m'fakitale yozizira ku Germany, ndalama zake n'kudzazithira mu ntchito yanga. Zala zake ziwiri sizipindikanso.

Ndipo sakunama. Anthu amaimba, ndiwauze mankhwala, akagule okha m'tauni. Ine osaona kanthu. A Nistor a mbuzi aja anandisunga pafoni Loweruka mpaka msuzi unapserera. Tinayamba ndi mbuzi yotsegula m'mimba, tinathera kwa mpongozi wawo. Tibi akuti: "Sukulu yonse ija unaphunzira kuti ukhale wailesi yaulere?"

Pangano ndi kampaniyo wasaina ndi iye. Ine ndangogwedeza mutu.

Chipale chofewa chagwanso. Nkhosa zayamba kuswa kumtunda.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Foni ili zii. Ndagona masana, koyamba chibwerere nyengo yozizira. Ndadzuka ndili ndi manyazi.

Amene akuimba akumalankhula ngati akuthamangitsidwa. Moni palibe. Mayi wina dzulo: nkhosa, sikudya, ikutuluka malovu, nditani. Ndisanamalize kufunsa, wadula.

Kusitolo a Saveta pondipatsa buledi: "Adokotala, ndikupatseni moni, kapena nawonso ngwa pa mphindi?" Sitolo yonse kuseka. Nanenso ndaseka.

Ndayesa kudziimbira pafoni ya amayi. Kumayamba mawu ojambulidwa, mkazi wina kufotokoza mitengo mosafulumira. Kenako nyimbo ya limba. Kenako ndiye foni yanga n'kulira. Nthawi yonseyo mayunitsi akupita. Ndamuuza Tibi, akuti kampani imatero kwa aliyense, tipirire mpaka tione ndalama yoyamba.

Loweruka, 17 Febuluwale



M'mawa ndikupereka katemera kwa galu wa ansembe, foni. Bambo wachikulire, wefuwefu. Ng'ombe yayamba kubereka chikuchere, mwendo umodzi watuluka, mutu sukuoneka. Ndafunsa dzina ndi mudzi. Akuti: "Zisiyeni izo mayi, mayunitsi akutha, ndiuzeni chochita."

Ndinayenera kukakamira. Ayi, ndinangolowa m'ntchito. Sambani mkono, pakani mafuta ophikira. Dikirani ng'ombe ipume, mukankhire mwanayo m'kati. Fufuzani khosi, mutu wapindikira kumbuyo. Ndimawamva akuinyengerera, Florica ima, ima mwana wanga. Chapatali mayi wina akutsokomola. Kenako mawu a bambowo mokondwa, akuti achigwira chibwano.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chachikulu: phimbani mano ake ndi chikhatho, ndipo musakoke mutu usanawongoke.

Foni thii.

Ndayang'ana kuti ndiwaimbire ine. Pafoni pakuoneka nambala ya kampani, osati yawo. Zonse zimadzera kwa iwo. Ndawaimbira a kampaniwo, mtsikana waulemu kwambiri. Akuti nambala ya woimba sangapereke pafoni, ndilembe pempho, Lolemba aliona. Ndamuuza kuti Lolemba ng'ombeyo idzakhala nyama. Wandipepesa bwinobwino.

Ndadikira kuti mwina aimbanso. Osaimba.

Ndatenga galimoto. Midzi ya m'mbali mwa mtsinje yonse, khomo ndi khomo pamene ndikudziwa kuti pali ng'ombe ya bere. Theka la ng'ombe za m'chigwa chino ndi Florica. Ena amandiyang'ana ngati ndabwera kudzawalipiritsa poima pageti.

Lamlungu, 18 Febuluwale

Potuluka m'tchalitchi ndapempha ansembe alengeze. Alengeza. Palibe wadziwa. A kumtunda sanatsike, msewu watsekeka.

Pachakudya takangana. Tibi akuti munthu wamkulu akanayamba ndi dzina lake, cholakwa si cha nambala. Ndati anasiya dzina chifukwa cha nambalayo. Akuti nanga dizilo ndawotcha dzulo alipira ndani. Amayi anangonyamula mbale ya kabichi n'kupita nayo kukhitchini, tisanamalize kudya.

Mwina mwanayo anatuluka bwino. Zimachitika. Ndikudziuza choncho, mtima osamva.

Lachitatu, 21 Febuluwale

Ndawapeza. Osati kudzera kwa a kampani, amenewo pempho langa akuliwerengabe. Wa lole ya mkaka ndiye wandiuza kuti ku Dosu, nyumba zomaliza kunsi kwa nkhalango, kukugulitsidwa nyama ya ng'ombe motchipa.

Matcheni kumatayala, kwinako wapansi. Chipale mpaka m'mawondo.

Bambo Gavril Onu ndi akazi awo a Rafila. Chikopa chayanikidwa pamtanda wa khola. Sindinafunse.

Anandilandira ngati mlendo wa ulemu. Mpando, kapu ya kachasu wa mapulamu, kupepesa kuti ndavutika ndi msewu. Bola akanandilalatira. Anafotokoza okha, pang'onopang'ono. Anayamba aimba nambala yakale, yotseka. Yatsopano anaikumbuka papepala limene mdzukulu anawalembera kusitolo. Mayunitsi anali atangoika dzulo lake, oti aziyankhulira ndi mwana wawo ali ku Italy mwezi wonse. Foni itaduka anathamangira kwa aneba kutsidya la khwawa. Aneba anaona nambala n'kukana, akuti imeneyo imadya munthu wamoyo. Pobwerera, ng'ombe ili gone. Anamanga chingwe, anakoka awiriwiri ndi a Rafila. Mwana anatuluka. Chiberekero chinang'ambika. Pofika madzulo anaitana wodziwa mpeni.

Inali imodzi yomweyo. Mkaka, tchizi, ndalama ya nkhuni, zonse.

Kamwanako kali moyo. Kakakazi, kofiira, akagoneka kuseri kwa mbaula pa jekete lakale. Mkaka woyamba uja wachikasu sikanalawe. Maso alowa m'kati, kakutsegula m'mimba chiyambire Lolemba. Ndafunsa chifukwa chake sanandiimbire. Funso lopusa. Bambo Gavril anangoloza foni pawindo: "Ndi chiyani, adokotala?"

Ndakaika madzi a m'mitsempha, jakisoni, ndasiya mankhwala. Iwo n'kutulutsa kachikwama kuti alipire. Ndakana. Anaumirira mpaka ndinanyamula nyama yokulunga m'nyuzipepala. Nyama ya Florica. Ili m'galimoto, sindikudziwa kuti ndiitani.

A Rafila sanandiyankhule ngakhale liwu limodzi. Ankangosisita khutu la kamwanako.

Lachinayi, 22 Febuluwale

M'tauni, ku ofesi ya mafoni. Pangano ndi la chaka, lili m'dzina la Tibi, kulithetsa msanga pali chindapusa chachikulu. Nambala yakale akuti yapita, singabwerere.

Ndafunsa za nambala yaulere, yoti woimba asalipire. Ilipo, koma mphindi iliyonse ndi ya ife. Ndinaganiza za a Nistor ndi mpongozi wawo. Tingatseke ntchito mwezi usanathe. Pamenepo Tibi akanaseka, ndipo akanakhoza.

Ndagula simu kadi wamba pakasitolo ka pakona. Nambala ngati ya munthu aliyense, mtengo ngati woimbira mnansi, ndipo woimba ndizimuona. Wopanda mayunitsi angofulasha, ndimuimbira ine. Nkhani ikatalika, ndibwera ndekha ndipo ulendo alipira. Ndi zimene ndingathe.

Pobwerera ndayenda ndi cholembera chakuda, kufufuta nambala ya Tibi papepala lililonse n'kulemba yanga pamwamba. A Saveta anandigwirira mpando kuti ndifikire. Sananene nthabwala.

Tibi sindinamuuze. Mawa.

Lachisanu, 23 Febuluwale

Wadziwa yekha, kusitolo.

Sanakuwe. Anaima pakhomo la chipinda cha mankhwala, chipewa osavula. Akuti ndamuchititsa manyazi mudzi wonse, anthu akuti iye ndi wakuba, ine woyera mtima. Ndamufotokozera za a Gavril. Wamvetsera mpaka kumapeto, nkhope yake inasintha, ndinaiona. Kenako anandionetsa dzanja lake lija. "Chilungamo kwa iwo ndachimva, achemwali. Nanga kwa ine?"

Akamati achemwali ndiye kuti zavuta.

Watenga makiyi, wapita kwa mnzake m'tauni. Amayi akuti ng'ombe za eni zandilekanitsa ndi mwana wa mayi anga.

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Wopanda galimoto. M'mawa ndimakwera lole ya mkaka, chikwama pamiyendo, pobwerera aliyense amene wandimvera chisoni. Dzulo ngolo ya hatchi. Msana.

Foni yadzuka. Kufulasha kokhakokha, ena oti mayunitsi ali nawo, ndikuwadziwa. A Nistor afulasha katatu tsiku limodzi. Ndawaimbira, ndawauza za mbuzi, atayamba za mpongozi ndati ndibwere kodi, ulendo mulipira. Akuti ndasanduka wouma mtima ngati mlongo wanga. Adula okha.

Koma Lamlungu mtsikana wa ku Runc anafulasha kamodzi kokha, nkhosa mapasa atapingasa. Ndinamuimbira, tinatulutsa onse awiri pafoni, ine ndili chiimire m'khitchini. Palibe chinaduka. Lero bambo ake abweretsa tchizi ndi ndalama, malei pang'ono, osawapempha.

Sizikukwana. Mankhwala a nyongolotsi atsala pang'ono, wogulitsa akufuna zake. Foni ya nambala ya Tibi ija ikadali pa tebulo, nthawi zina imalira. Ndimathamangira kunena nambala yatsopano n'kuwauza adule msanga.

Kamwana ka a Gavril kanaimirira Loweruka, kanayamwa botolo lonse. Ndinawasiyira nambala pachitseko, zilembo zikuluzikulu.

Tibi zii. Ndamuimbira kawiri, osayankha.

Lachisanu, 1 Malichi

Galimoto ili pageti. Ndaiona potsegula makatani. Yotsukidwa, makiyi ali kwa amayi.

Tibi anabwera m'mamawa ine ndisanadzuke, anakana kuti andidzutse. Amayi anena zonse ali chiimire pambaula, osandiyang'ana. Dzulo anapita ku kampani, wathetsa pangano, chindapusa walipira ndi zimene zinamutsalira. Waimbira abwana ake akale. Amulandira, kuchipinda chozizira komwe kuja. Basi ya ku Germany inyamuka m'tauni masana ano.

Dokotala anamuuza chaka chatha kuti dzanja limenelo likabwerera kozizira, zala zotsalazo zitsatira.

Ndinavala jekete kuti ndimuthamangire. Ndikanamuuza chiyani sindikudziwa, mwina kungomugwira chikwama. Ndili pakhomo, foni kulira kamodzi n'kusiya. Nambala ya ku Dosu.

Ndaimba. A Rafila, koyamba kumva mawu awo akuyankhula ndi ine. Kamwana kagwanso, sikakudzuka, m'kamwa mwazizira. Akuti: "Mwana wanga, bwera." Basi.

Ku Dosu ndi kumtunda, tauni ndi kumunsi. Konse sindingafike.

Ndamuimbiranso Tibi ndili m'galimoto. Ulendo uno wayankha, kumbuyo kwake phokoso la pa depoti. Ndamuuza zoona, kuti ndimabwera kwa iye koma kamwana ka Florica kakufa. Ndati asakwere, adikire basi ya sabata yamawa, tikhale pansi. Iye akuti matayala akumbuyo wandiikira atsopano, koma pamlatho wa ku Dosu ndisathamange, pali madzi oundana.

Za basi sanayankhe.

Ndikulemba izi injini ikutentha. Madzi a m'mitsempha ndatenga, botolo la madzi otentha ndatenga. Amayi aima pawindo.

Ndikhotera kumtunda.